Ndinafunsa malume za kuwoloka mtsinje pankhondo

Inu owerenga, ine ndinadwalitsa malume anga ndi masewera a zitsekero za mabotolo. Palibe wina woti ndimuloze chala, mlanduwu ndi wanga.

Ndimapalasa njinga yonyamula anthu ku Mandimba. Okwera akasowa, ine ndi anzanga tinkasewera jogo ya nkhondo pa telefone. Titatopa ndi kutha kwa ma mega a intaneti, ndinaijambula pa katoni: mtunda uku, mtunda uko, mtsinje pakati. Zitsekero ndizo zinali asilikali, ndipo tinkaponya dadu, kamtengo ka madontho kaja.

Vuto linali lamulo lowolokera. Msilikali aliyense wolowa m'bwato tinkamuponyera dadu, ikagwa pa madontho osafika anayi, basi wamira. Motero wodikira pagombe ankangopinda manja n'kupambana, ndipo palibe ankafuna kukhala woukira. Titalifewetsa lamulolo zinatembenuka, wa mabwato anayamba kusesa aliyense. Tinakangana mpaka kutsala pang'ono kugwirana m'makosi. Ine, pokhala wodziwadziwa, ndinati ndikafunsa munthu amene anawolokadi mtsinje mfuti ili paphewa.

Malume anga a ku Itepela anagwidwa kupita kunkhondo akadali achichepere. Atabwerako, akuluakulu anawasambitsa mankhwala, n'kutentha zovala zawo, n'kuwalamula kuti za kutchire asadzazitchulenso. Zonsezi ndinkazidziwa bwino, koma ndinkaziyesa mantha a anthu akale.

Ndinawapeza masana akusankha fodya m'chigafa, mvula itasiya kalekale. Akazi awo atangoona katoni ija anati, "Iwe, pinda chinthucho. Zimenezo zinatsekedwa." Ndinaseka, ndinati ndi jogo chabe. Ndinaiyala pansi n'kufunsa malume kuti mwa anthu okwera bwato, amafika tsidya ndi angati.

Anatola zitsekero zisanu ndi zinayi, n'kuzisanja pa tsamba la fodya, n'kuyamba kulikoka pang'onopang'ono pa mtsinje wojambulawo. Dadu sanaikhudze n'komwe. Atafika pakati anayamba kutsitsa zitsekero chimodzichimodzi, chilichonse akuchitchula dzina: Saide, Amisse, Joaquim. Mawu awo sanali a munthu wamkulu amene ndimamudziwa, anali opyapyala ngati a wina. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma mano awo ankagundana. Ndiye ndinayang'ana pansi. Ndikulumbira, miyendo ya buluku lawo inali itanyowa mpaka m'maondo, ndipo m'chigafamo munalibe ngakhale kapu ya madzi.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ine ndinalozabe chitsekero chimodzi chimene chinatsala pa tsambalo. Ndinati, "Ameneyu ndinu, malume? Ndiye kuti amafika ndi mmodzi yekha?"

Anandiyang'ana ngati akuona chinthu kumbuyo kwanga. "Wakuuza ndani kuti ndinafika?"

Kuyambira tsiku limenelo malume sanabwererenso mwakale. Kukangocha amapita kukamtsinje ka kudambo, n'kuima m'madzi mpaka m'chiuno, akuitana mayina aja. Akaona akazi awo, amawayesa mlendo. Tinapita nawo kuchipatala ku Cuamba, mankhwala amawagonetsa, koma akadzuka ulendo ndi wa kudambo. Akuluakulu amene anawasambitsa aja onse anatisiya, ndipo palibe wodziwa mitengo imene anagwiritsa ntchito. Fodya uja anawonongekera m'chigafa momwemo. Mayi anga, mlongo wawo, samandiyang'ananso kumaso, ndipo sindiwada.

Chimandipweteka n'chakuti munthuyu anakhala zaka zonsezi akulima, akulera ana, akuseka pa maukwati. Ndinabwera ndine, ndi funso lofuna kungopambana anzanga pansi pa mtengo wa mango.

Inu owerenga, m'mudzi muno muli azibambo ndi azimayi ambiri amene nkhondo saitchula. Musawayese oiwala kapena ouma mtima, kukhala chete kwawoko ndiko kukuwasunga. Sewerani masewera anu, kanganani za malamulo ake mpaka mutatopa, koma mafunsowo musakawatule pa miyendo ya munthu amene analiko. Mukauzidwa kuti nkhani inatsekedwa, isiyeni. Mlungu wathawu ndinakawatulutsa ndekha m'madzi malume anga, ndipo anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundipempha kuti ndibwerere ndikatenge anzawo.