Nkhumba ya M'kope

Mbale ija inali yachitsulo, pansi pake mabowo okhaokha. Mayi ankati, “Mbale yanji yosasunga msuzi?” Malume anabwera nayo kwathu ku Chisepo ntchito itawathera ku Lilongwe, kumene anaphikira banja lina la ku Italy zaka zambiri. Anabweranso ndi kope lonona ndi mafuta, lolembamo kaphikidwe ka zakudya. Ine sukulu ndinkapita mwa apo ndi apo, koma kuwerenga ndinali nako nkhuli: matumba a feteleza, mapepala okulungira usipa, chilichonse. Kope lija ndinaliwerenga mobisa mpaka kuliloweza.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho, fodya atagulitsidwa, mwini sitolo wina wa pamsika, Msilamu, ankatsegula malo odyera ndipo ankafuna wophika. Malume anamuitana kuti adzalawe. Ntchitoyo ankaifunitsitsa. Munthu wamkulu ukadya kwa mlongo wako miyezi isanu, ngakhale kutsokomola umayamba kupepesa.

Anaphika makaroni. Ndikukumbukira madzi otentha akuchucha pansi pa mbale yamabowo, anyezi akulira m'majarini, nsawawa, karoti, kenako zonona zimene anaengula pa mkaka wowiritsa. Pomaliza anathiramo tizidutswa ta nyama yofiira yamchere, topyapyala ngati tsamba la fodya. Msuzi wake unali woyera. Mayi anausuzumira n'kupukusa mutu.

Mlendo anasamba m'manja, natchula dzina la Mulungu, n'kunyamula supuni.

“Nanga chimenechi mumaphika bwanji, achimwene?”

Malume asanatsegule pakamwa, ine, mphunzitsi wosaitanidwa, ndinalakatula tsamba lonse la m'kope, osaphonya ngakhale mzere wakuti: nyama ya nkhumba youmitsa ndi mchere.

Supuni inabwerera m'mbale mwakachetechete. Malume anafotokoza kuti inali ng'ombe, anakaigula kwa Asilamu ku Mponela, anaiumitsa okha masabata awiri, ndipo poto anachita kugula watsopano. Zonsezo zinali zoona. Mlendo anamvetsera mwaulemu, nati sakukayika, koma mtima ukabwerera m'mbuyo suukakamiza. Anamwa madzi n'kutsanzika. Ntchito anapatsa wina. Mpaka lero sindimuimba mlandu bambo uja. Anamva mawu a mwana, ndipo mwana amati sanama. Inetu sindinaname. Ndinangowerenga kope, poto osamuwerenga.

Tinadya tokha. Mayi anawonjezera kawiri msuzi woyera uja. Malume anandisisita kumutu n'kunena, “Mphwanga, kuwerenga ukukutha.”

Ndinanyada sabata yathunthu. Ndinauza anzanga onse kuti malume a ku Lilongwe andiyamikira. Chimene chinkangondidabwitsa n'chakuti kope lija sindinalionenso. Mbale yamabowo anapatsa mayi kuti azitsukiramo mpiru, ndipo m'mawa uliwonse malume ankanyamula khasu n'kupita kudimba, akuligwira ngati munthu wogwira chinthu cha eni.