Kalavani ya Mkamwini Wanga

Mayi Nachisale, amene timakhala benchi imodzi kutchalitchi kwathu ku Tottenham, anandichenjeza chaka chomwe ndinafika kuno. Anandikokera pambali titaweruka, nati: "Anzanga, kuno nkhalamba saithamangitsa ndi ndodo, amaithamangitsa ndi ulemu. Mukaona ana ayamba kukukonzerani malo abwino omwe simunapemphe, dziwani kuti bedi lanu lapeza mwini."

Ndiye amayi anzanga, mutha kumvetsa zomwe ndinaganiza tsiku lomwe mkamwini wanga, bambo a Yankho, anafika kwathu ku Ilford akukoka kanyumba koyera ka matayala kumbuyo kwa galimoto. Akuti kalavani, anagula kwa mzungu wina wopuma pantchito. Anaiimika pambali pa nyumba, pomwe pankakhala mabini. Nyumba yathu ndi ya lendi, zipinda zogona ziwiri. Chimodzi ndi cha iwo ndi mwana wanga Elube, china timagona ine ndi mdzukulu wanga Yankho, mtsikana wotha msinkhu, amene masiku amenewo ankati akalowa n'kundipeza, amausa moyo ngati wapeza mbuzi pabedi.

Loweruka lililonse bambowo anali pa kalavani. Anakhoma sola padenga, anaika batire lalikulu pansi pa mpando, kenako hita, kenako kafiriji. Ine ndinkaonera kuseri kwa katani, osafunsa munthu. Pomaliza anaika sitepe pakhomo, ndi chitsulo chogwirira pokwera. Apo ndinakhala pansi. M'nyumba muja wa mawondo ofuna chogwirira ndi ine ndekha.

Mu Juni Elube anabwera kuchokera kuntchito yake ya unesi, nati, "Amama, Lachisanu tikupita kukagona kufamu ina ku Essex, tikaiyese kalavani." Ndinangoti chabwino. Mumtima ndinati akufuna akaone ngati ndikukwanamo.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa ana a sukulu atatha kudutsa. M'chikwama ndinaikamo mankhwala a BP, pasipoti, fulasiki ya tiyi ndi mandasi. Baibulo ndinalisiya pa pilo, kuti wofuna kusuntha bedi langa ayambe wachita manyazi. M'galimoto ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa oyendetsa, poti apo ndi pomwe maso athu sangakumane. Ana obadwira kuno amaseka zimenezi. Kwathu ku Ntcheu malemu amuna anga akaona amayi anga akubwera panjira, ankapatukira m'chimanga, ngakhale kuli mame, mpaka adutse. Mkamwini ndiye ankabwera kudzamanga kwa apongozi. Kuno zinatembenuka, amene analowa chikamwini ndi ine. Komabe ine ndi bambo a Yankho sitiyankhulana maso ndi maso. Mawu amadzera mwa Elube, ngakhale tonse tili pa tebulo limodzi.

Kutuluka mu Ilford ndi nyumba kumbuyo si masewera. Pokhota pa mphambano ina basi yofiira inatiimbira hutala, dalaivala wake akugwedeza mutu. Titalowa mumsewu wa A12 tinayenda mbali ya pang'onopang'ono, aliyense akutipitirira, ngakhale malole. Lole ikadutsa, kalavani imagwedezeka ngati mayi wovina chisamba, ine n'kugwira lamba. Koma liwiro limenelo linandikumbutsa kutali. Amuna anga ankayendetsa lole ya mbatata ya kachewere kuchokera ku Lizulu kupita ku Blantyre, ndipo tili achinyamata ankanditenga nthawi zina. Ndinkakhala kutsogolo, Elube ali pamwendo, injini ikutentha mapazi, tikukwera chitunda ngati nkhono. Tikafika pamwamba ankaima kuti injini ipume, ife n'kumadya nzimbe m'mbali mwa msewu. Sindinadziwe kuti masiku amenewo ndi amene ndidzawalakelake.

Titadutsa Chelmsford tinaima pomwetsa mafuta. Elube anafuna kundigulira tiyi wa mapaundi atatu, wa m'kapu ya pepala. Ndinatulutsa fulasiki. Tili chimwere, bambo wina wa yunifolomu ya kampani yonyamula katundu anamva tikuyankhula, nabwera akumwetulira. Anali wa ku Zambia.

"Muli bwanji, amai? Muyenda kuti na nyumba yonse?"

"Ku Birmingham," ndinatero.

Anayang'ana msewu, nayang'ana ine. "Ah, amai, Birmingham si uku."

"Tikudzera kwa abale."

Atachoka, Yankho anati ndi Chichewa chake chopunduka chija, "Agogo, mwanama."

"Iwe, amene wadziwa komwe ukupita wadziwanso kuti kunyumba kulibe munthu."

"Sakudziwa nyumba yathu!"

"Nambala ya galimoto waiona."

Kupitirira Colchester tinasiya msewu waukulu. Timisewu ta kumeneko ndi topapatiza, mipanda ya zitsamba uku ndi uku, nthambi zikukanda kalavani. Pa kona ina tinakumana mphuno ndi mphuno ndi thirakitala. Mnyamata wake anangopinda manja. Bambo a Yankho anayenera kubwerera chambuyo, ndipo kalavani ukaiuza kumanja imapita kumanzere. Elube anatsika kukawalozera. "Uku! Ayi, ukuko! Mwamva inu?" Iwo ali thukuta kamukamu: "Uku kwake kuti, mayi a Yankho? Kwanu kapena kwanga?" Banja la eni ukaliona likukangana, umayang'ana pawindo.

Tinafika dzuwa litapendeka. Famuyo ndi dambo lalikulu la udzu wofupika, nkhosa kuseri kwa waya, mpopi umodzi pageti. Kulibe magetsi, n'chifukwa chake ena amakukonda. Mwini wake, mayi wa jombo zamatope, anandigwira phewa n'kunditchula wokondedwa wake ngati tinadziwana kale. Ndinasuntha chikwama kupita mbali inayi. Anatilozera pansi pa mtengo, ndipo bambo a Yankho anatsitsa timiyendo ta kalavani, nayang'ana kachipangizo ka batire, nalengeza kwa Elube kuti dzuwa lalidzaza mpaka pakamwa. Zoona, firiji inali kulira, magetsi anayaka. Dzuwa la kuno lomwe silitha kuumitsa chitenje!

Madzi amatungira m'chimgolo chogudubuza, chokoka ngati galu. Ndinapita nawo kumpopi. Chimgolocho chitadzaza panatsala ndowa yaing'ono, ndipo ndisanaganize n'komwe ndinapinda mpango, kupanga nkhata, n'kusenza. Khosi linakumbuka lokha. Ndinayenda udzu ukunditekenya m'miyendo, madzi akuyankhula pamutu, ndipo kwa kanthawi ndinali panjira ya kuchitsime kwathu, mng'ono wanga Esinati ali patsogolo akuimba, utsi wa madzulo utagona pamwamba pa mudzi. Esinati anamuika kalekale, ine ndili kuno, maliro ake ndinaonera pafoni. Mzungu wina wokalamba, wa kalavani yoyandikana nafe, anavula chipewa n'kufunsa ngati angandijambule. Ndinakana. Chithunzi chako sudziwa komwe chikagone.

Tinaphika panja, pa kambaula ka gasi. Nkhuku yootcha, mbatata, kabichi. Kunalibe kulira kwa ambulansi kapena sitima, njiwa zokha mumtengo, ndipo zimalira chimodzimodzi ndi zakwathu. Ndinadya kwambiri kuposa mmene ndinafunira kuti aone.

Nthawi yogona inakwana kunja kukadali mbee, paja mu Juni dzuwa la kuno silidziwa kulowa. Elube anagwetsa tebulo, nasandutsa bedi. Anakoka mipando, nayonso bedi. Ndinayang'ana uku ndi uku. Chipinda n'chimodzi. Pakati pa mabedi awiriwo pali kakatani kopyapyala ngati sefa, ndipo ukatambasula mkono ukhudza wogona mbali inayo.

"Elube, abambo agona pati?"

"Apa, amama. Inu ndi Yankho uko. Pali katani."

"Katani."

"Amama, kuno ndi ku England. Ndi masiku awiri okha."

Ndinapinda bulangete langa, ndinatenga chikwama, ndinati ndikagona m'galimoto chokhala. Ine kuvula mpango, kuliza mkonono, kutembenuka, mkamwini ali pamphuno? Amayi anga akanadzuka m'manda.

Nditatsika ndinapeza bambo a Yankho atagwada pa udzu, akukhoma zikhomo za katenti kobiriwira, komwe Yankho ankapita nako ku maulendo a sukulu ali wamng'ono. Sanadzutse mutu. Anayankhula ngati akuuza chikhomocho: "Mayi a Yankho, auzeni amayi alowe akagone. Ine anandilera ku Dedza, osati ku Ilford." Elube anali asanadziwe n'komwe kuti katentiko kali m'buti. Bambowo atalowa m'katentimo, mapazi anatsalira panja, ine n'kubwerera m'kalavani.

Mvula inagwa mpaka m'bandakucha. Padenga la kalavani imalira ngati pa malata, ndipo ndinagona tulo tomwe sindinagonepo chibwerereni kuno. Nditadzuka, Elube ndi Yankho anali akadali m'tulo. Ndinatsegula chitseko. Bambowo anali atakhala pa chimgolo cha madzi, atafunda jekete, akufinya masokosi. Katenti kanali katagwa mbali imodzi.

Ndinawiritsa tiyi. Kapu ndinakaiika pa udzu, pakati pa iwo ndi ine, n'kubwerera kudzakhala pa sitepe. Elube wodzeramo mawu athu panalibe. Ndinayang'ana nkhosa, n'kuyankhula kwa nkhosazo.

"Munthu akafuna kusamutsa nkhalamba, amangonena. Sachita kuvutika ndi masola."

Kenako nawonso anayankha nkhosa zomwezo. "Nkhalamba yake iti, amayi?"

"Ya mawondo. Yoikiridwa chogwirira."

Anayamba kuseka, nadzigwira msanga. Anati kalavaniyo anaipempha ndi Yankho. Chaka chamawa ali ndi mayeso akuluakulu, akufuna pake powerengera ndi pogona, ndipo eni nyumba anakana zokoka waya wa magetsi kupita panja, n'chifukwa chake sola ndi batire. "Inuyo chipinda chija chikhala chanu nokha. Chogwiriracho n'choti muzikwera bwino pa maulendo ngati ano. Timati tikuuzeni tikabwerera."

Mukuganiza kuti ndinasangalala? Ndinatembenuka n'kuyang'ana chitseko chomwe ndinatsamira. Chili ndi kiyi wakewake. Pali windo loona mbali zitatu, pali pophikira tiyi popanda kudikira kuti mkamwini atuluke m'khitchini, pali pakhomo posesa m'mawa. Chichokereni m'nyumba yomwe anandimangira amuna anga, sindinakhalepo ndi chitseko changa. Miyezi yonseyi ndinkaopa kuti andiponyamo, ndipo tsopano zinandiwawa kuti sanandiganizireko n'komwe.

"Bambo," ndinatero, ndipo aka kanali koyamba kuwayang'ana kumaso, "mtsikana wotha msinkhu, chitseko chakechake choyang'ana kumsewu, kiyi m'thumba? Inu muli m'tulo kuseri kwa khoma? Anakulererani ku Dedza kwake kuti?"

Anamwa tiyi.

Nkhani yoti m'kalavanimo mulowe ine tinaikamba Loweruka lonse, mpaka Lamulungu pobwerera, mumsewu wa A12 womwewo, titaima pamzere wa magalimoto ochokera kunyanja. Yankho anayamba walira, koma atamva kuti chipinda chonse chikhala chake, ndi waifai yomwe, misozi inauma tisanafike ku Romford. Wovuta anali Elube.

"Amama, anthu a kutchalitchi adzati chiyani? Adzati nesi wathunthu wataya mayi ake panja ngati bini."

"Ndiwauza ndekha."

"Nanga kukazizira?"

"Hita anaikira ndani?"

Tinagwirizana kuti chisanu chikafika pachimake ndizikagona m'nyumba, ndipo foni izikhala pafupi. Tinalowa mu Ilford madzulo, ndipo bambo a Yankho anaibweza kalavani pamalo pake ulendo umodzi wokha, popanda wowalozera. Anazula kiyi, nampatsa Elube, Elube n'kundipatsa ine.

Ndiye ndalemba izi kuti mumve kwa mwini wake, musanamve kwa ena owonjezera mchere. Palibe anandithamangitsa. Ulendowu unandiphunzitsa kuti mkamwini wanga ndi munthu woleredwa, ngakhale ndikumuyang'anabe, poti mvula ya usiku umodzi siitha kutsuka munthu yense. Ndimadzuka m'mawa, ndimasesa pakhomo panga, ndimaona aliyense wolowa ndi wotuluka mumsewu wathu. Mukadzapeza pamalopo pali mbee, musayambe kulira, ndiye kuti andikoka, tapita kufamu.

Koma chitseko chako wekha chili ndi vuto limodzi lomwe sindinaliganizire. Ukapanda kuchitsegula m'mawa, a m'nyumba amangoti agogo akupuma, n'kuthamangira basi. Choncho mukatsika sitima pa Ilford, kaya mukupita kogula nsomba, kaya kochezera ena, patukani. Gogodani pawindo la kumsewu, mutchule dzina lanu mokweza. Ndikachedwa kutsegula, mwina ndikungokusuzumirani kaye. Koma musachoke ndisanayankhe.