Sitata Imene Ndinagula Ndekha

Ena mabanja awo amatha ndi mowa, ena ndi apongozi. Langa linatha ndi sitata. Eee, sitata ya galimoto, kachitsulo kamene kamadzutsa injini munthu akapotoza kiyi. Ndipo wogula ndinali ine ndemwe, ndi ndalama zanga za zitumbuwa.

Tinkakhala ku Ndirande, kumtunda, kumene msewu umatsetsereka ngati ukuthawa phiri. Nthawi yake ndi ija ya makadi a chipani, pachipata cha msika pataima anyamata a malaya ofiira, "Mayi, khadi!" iwe dengu lili pamutu, mwana kumbuyo, n'kumapisapisa pamfundo ya chitenje. Bambo a ana anga anali dalaivala pa kampani ina ku Limbe. Mzungu wawo pobwerera kwawo anawagulitsa galimoto yake yakale motchipa, iwo n'kusiya ntchito kuti azipanga mahayala, kunyamula akwati ndi anthu opita ku Chileka.

Tsiku loibweretsa, ana a m'dera lonse anaithamangira. Yakuda bii, yayitali, mipando yachikopa, kutsogolo kuli matabwa onyezimira ngati a m'tchalitchi. Ikamathamanga inkaimba mluzu, fyiiii!

"Mwamva zimenezo, mayi?" bambo akuti, dzanja lili pabonati. "Ili ndi mvukuto m'kati, umapopera mpweya mu injini. Iyi si ya anthu wamba."

Ine nthungululu pakamwa. Ndinadziwa chiyani?

Mwezi usanathe, m'mawa wina, khe, khe, khe, zii. Apotozenso, khe, zii. Tinaitana amakaniko a pansi pa mango kuseri kwa msika, bambo wachiyao wa kofia yoyera, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akugula. Analowa pansi pa galimoto, anatuluka, anapukuta m'manja.

"Bwana, sitata yapsa. Ya mtundu uwu kwa amwenye ku Limbe kulibe. Mpaka ku Halale kapena ku Joni."

Atatchula mtengo wake, bambo anakhala pansi pamwala. Unali mtengo wofolera nyumba yathu yonse ndi malata, n'kutsalako a bafa.

"Komabe muli ndi mwayi," amakaniko akutero, akuyang'ana msewu. "Mumakhala pachitunda. Muziiimika yoyang'ana kumunsi, mwala kutayala. Ingofuna okankha."

Okankhawo tinali ife. Ine, mnzanga wa nyumba yoyandikana amene ndinkamutcha achemwali, ndi aliyense amene wapezeka ndi mswachi pakamwa. M'mawa uliwonse bambo atchena, jekete, chipewa, akhala pa chiwongolero ngati nduna.

"Chotsani mwala!"

Ndichotsa.

"Kankhani! Mayi, kankhani, simunadye kodi?"

Achemwali kumbali kwanga akuwefuka, "Auzeni atsike aone ngati ndi mtolo wa udzu!"

Chinthu chija chinali cholemera, abale. Chiyamba kuyenda ngati sichikufuna, kenako chitsetsereka, ife pambuyo mbwee, zitenje zikumasuka. Chitsokomola, gu, gu, gu, bvuuu! Utsi wakuda kumaso kwathu. Bambo atulutsa dzanja pawindo, yapita. Kuima sakanaima, injini isanatenthe ikanazima. Ndiye dziwani kuti wokankha sakwera. Zaka zonsezo mpando wachikopa uja ndinkaukhalira poupukuta basi.

Koma ndinkanyada. Inde ndinkanyada, chifukwa dzuwa likamapendeka, fyiiii, uyo akukwera chitunda. Tsiku ndi tsiku. Amuna a anzanga ankagona m'mashabini, ena kumapezeka Lolemba atachoka Lachisanu. Pa mpopi azimayi ankandiuza, "Inu ndiye munapata, amuna anu sagona kunja." Ine n'kumayankha mokweza kuti ndi akumapeto a mzere amve, "Mwamuna ndi kasamalidwe, anzanga!"

Galimoto ija sinathe kudwala. Lero lamba wa mvukuto waduka, ndipo lamba wake si uja wa galimoto zina, ayi, wakewake, wochita kuitanitsa. Mawa mapulagi ada ngati makala. Mkuja redieta yawira, nthunzi tolotolo ngati tikuphika mowa. Kenako gasiketi inapsa, oyilo n'kusakanikirana ndi madzi, amakaniko n'kutionetsa pachala, "Onani, mayi, tiyi wamkaka." Petulo ndiye osanena. Inkamwa ngati ili ndi chibowo. Ndalama za mahayala zinkathera momwemo, ndipo zikapelewera bambo ankabwera kukhitchini ndi mawu ofewa.

"Mayi a ana, tandithandizani pang'ono. Galimotoyi ndi yathu tonse."

Ine n'kumasula mfundo.

Tsiku lina amakaniko, ali chiweramire mu injini, anafunsa, "Bwana, galimoto iyi ikuonetsa ngati imaima nthawi yaitali ikulira. Yotere imafuna mphepo ya pamsewu. Mumaima pati?"

Bambo osaphethira n'komwe. "Misewu akatseka kuti akuluakulu adutse, ndizimitse? Andikankha ndani pamenepo?"

Nkhani ikafika kwa akuluakulu masiku amenewo, aliyense ankayang'ana kumbuyo kwake n'kutseka pakamwa. Amakaniko anangoti, "Eya, bwana," n'kupitiriza kumanga.

Chimene chinanditopetsa ndi dzinja lina, ndili ndi pathupi pa mwana wotsiriza. Pokankha ndinaterereka m'matope, phwaa, chafufumimba. Galimoto inadzuka, inapita, dzanja pawindo. Achemwali anandidzutsa akutukwana. Mwana anabadwa bwino, Mulungu ngwabwino, koma msana uwu kuyambira pomwepo sunabwererenso. Ndinati basi, zokankha zatha.

Azimayi a pamsika tinali ndi chipereganyu, kusonkherana mwezi ndi mwezi, wina kulandira, wina kudikira. Ndalama zanga zinali za malata, aliyense ankadziwa. Itafika nthawi yanga ndinaphatikiza ndi zimene ndinkabisa mu chitini cha ufa, ndinamanga pansalu, ulendo pansi pa mango.

"Bambo, ndamva kuti kuli dalaivala wa lole amene amapita ku Halale. Ndikufuna sitata."

Anandiyang'ana. "Bwana akudziwa?"

"Ayi, ndikufuna angoona."

Anavula kofia, anakanda m'mutu, anavalanso. "Mayi, malata ndi abwino. Malata sayenda."

"Iii, bambo inu! Ndabwera kwa makaniko kapena kwa mmisiri wa nyumba? Simukufuna ntchito?"

Analandira ndalamazo ndi manja awiri.

Inafika itakulungidwa m'nyuzipepala, kanthu kakang'ono, kolemera ngati mwana wakhanda. Amakaniko anaimanga Loweruka masana pakhomo pathu, anthu ataunjikana. Bambo analowa, anapotoza kiyi. Vruuu! Kamodzi kokha. Anazimitsa, anapotozanso. Vruuu! Anaseka mpaka chipewa kugwa.

"Mayi a ana, inu ndi mkazi! Anthuni, mwamuona mkazi wanga?"

Ine kuvina pabwalo, achemwali akuomba m'manja. Ndinathamangira m'nyumba kukavala chilundu chatsopano, ndinatuluka. "Tiyeni, bambo, mpaka ku Limbe, ndikhale kutsogolo!"

"Mawa, mayi, mawa. Ndikaiyese kaye ndekha, ingatichititse manyazi panjira."

Anapita. Tsiku limenelo mluzu sindinaumve. Anabwera mawa lake, akuti anapeza hayala ya ku Zomba. Sabata yotsatira hayala ya ku Mulanje, masiku awiri. Kenako ya ku Lilongwe. Munthu amene sanagonepo kunja chikwatirane! Pa mpopi azimayi anayamba kundipatsa moni wautali, wofunsa ndi msana womwe.

Anandiuza ndi achemwali. Anabwera ndikukazinga, anakhala pa mpando, anatenga chitumbuwa osapempha.

"Ndakhala ndikukankha nawe galimoto imene ija, ndiye ndili ndi gawo. Mlamu wanga waiona ku Zingwangwa. Tsiku lachitatu lero ili pamalo amodzi."

Tinapita tonse. Tinatsika basi, tinafunsira, anatilozera kumunsi. Kanjira kotsika, kotsika, mpaka kudambo kumene kamathera. Ndipo inali pomwepo, pakhomo la nyumba ya zitseko zobiriwira, mphuno itayang'ana kumtsinje. Pabonati atayanikapo matewera. Ndinaigwira. Yozizira ngati mtsuko.

Gogo wina wa nyumba yapafupi ankasankha nyemba pakhonde. Anationa tikuyang'ana galimoto.

"Yokongola eti? Koma tapumako, ana anga. Kale inkangolira pamenepo masana onse, du du du du, utsi kulowa m'nyumba, ife kutsokomola. Bamboyo akuti akazimitsa siidzukanso, ndipo kuno kudambo angaikankhe ndani kukwera uko? Ndiye ankangobwera masana, dzuwa likapendeka n'kuthawa. Pano akonzetsa, akugona konkuno. Mkazi wake wasangalala."

"Mkazi wake," ine ndikubwereza.

"Eee, wa mwana wakhandayo."

Ndinakhala pansi, m'fumbi, ndi chilundu changa. Gasiketi ija, redieta ija, petulo uja ndinkamasulira mfundo, zonse zinkapsera pakhomo ili. Ndipo mwamuna amene ndinkadzitama naye pa mpopi sankabwerera ine. Ankabwerera chitunda.

Kenako mphamvu zinabwera zonse pakamodzi. Ndinakuwa, Zingwangwa yonse inamva. "Tulukani! Bambo a ana, tulukani, okankha anu tabwera!" Anatuluka atavala vesiti, akumanga lamba. "Mayi, mayi, tikakambirane kunyumba, anthu akuona." Mtsikanayo anangosuzumira pakatani. Achemwali anakokolola matewera onse pabonati n'kuwaponya padenga.

Ndinatumiza mawu kumudzi ku Chiradzulu kuti ankhoswe abwere. Anabwera amalume, mlongo wawo wa amayi anga, amene anandilera bambo anga atamwalira. Anafika pa basi, fumbi mpaka m'nsidze, ndodo m'manja. Kuchimuna kunabwera achimwene awo a bambo. Tinakhala pabwalo masana, galimoto ili poteropo, ataitsuka mpaka kuwala.

Amalume anayamba bwino, mtima wanga unakhala pansi. Anamenya ndodo pansi. "Mwana wa mlongo wanga sitinamupereke kuti akhale ng'ombe yokoka ngolo! Msana wathyoka, ndalama zapita, inu n'kumakagona kwina? Tiyankheni!"

Bambo mutu pansi, chipewa pabondo. "Ndalakwa, amalume. Koma uko kulinso mwana, sindingamutaye. Kuno sindinakane, ndizibwera."

"Muzibwera liti?" ine ndikulowerera. "Sitata ikapsanso?"

Achimwene awo anati ndichepetse mawu. Tinakangana, tinakangana, dzuwa n'kumapita. Ndiye bambo anayang'ana kumwamba, n'kunena mofatsa, "Amalume, basi yomaliza ya ku Chiradzulu ikusiyani. Koma musade nkhawa. Ndikakutulani ndekha, mpaka pakhomo."

Ndinawaona amalume akutembenuza khosi. Anayang'ana galimoto ija kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Munthu amene moyo wake wonse anakwera basi ndi matola a pamwamba pa matumba. Anakhosomola.

"Mpaka pakhomo? Msewu wathu uja ndi woipa."

"Iyi imadutsa, amalume. Simumva ndi bampu lomwe."

Amalume anayang'ananso galimoto ija. Atayambanso kulankhula, mawu anali ena, ndodo itagona pansi.

"Mwana iwe, banja ndi kupirira. Mwamuna wavomera kulakwa pamaso pathu, ukufunanso chiyani? Amuna a mitala alipo ambiri, ena mwa iwo alibe ndi njinga yomwe."

"Amalume!"

"Usakweze mawu, pali alamu pano."

Ndinaimirira. Ndinati, "Chabwino. Mitala ine ayi. Mwamunayu mutengeni, koma sitata yanga amasule andipatse. Pompano. Ndinagula ndine."

Anaseka. Onse atatu, amalume ndiye kwambiri, mpaka kupukuta misozi. "Chitsulo ukachita nacho chiyani, uphika? Asiye amuna agwire ntchito. Ukaganize bwino, mtima ukatsika."

Mlandu unathera pomwepo. Bambo anathamanga kukatsegula chitseko cha kutsogolo. Amalume anakutumula fumbi pathalauza, anapukuta nsapato paudzu, analowa chammbuyo ngati akulowa m'madzi ozizira. Ndinawamva akufunsa, "Galasili amatsitsa bwanji?" Bambo anawaonetsa. Kiyi kamodzi, vruuu. Podutsa pamene ndinaima, amalume anatulutsa mutu.

"Ukapereke moni kwa ana!"

Bambo a ana sanagonenso m'nyumba mwanga kuchokera tsiku limenelo. Zovala zawo anatuma munthu.

Za kumudzi ndinamva patapita nthawi. Akuti galimoto inafika ana akuithamangira, amalume atakhala kutsogolo, ndipo sanatsike msanga, anadikira kuti mudzi wonse utuluke. Amayi anga atafunsa kuti mlandu wayenda bwanji, anawauza kuti panalibe mlandu, ndi nsanje chabe za ana a m'tauni, mwana wanu ali pabanja labwino, mwamuna waulemu. Amayi anakhulupirira mlongo wawo. Ndinapita ndekha kukawafotokozera, ndinalira pamaso pawo, iwo n'kumandisisita dzanja, "Bwerera kwa amuna ako, mwanawe, usawataye anthu otere." Mpaka kumwalira kwawo ankati banja ndinathetsa ndine.