Kaseti ya ba Oksana

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasiya sukulu. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Atate anali ndi kashopu kokonzera mawailesi ku Kalingalinga, koma maso awo anali atayamba kufooka, choncho ntchito zofuna maso anandipatsa ine. Zambiri zinali za makaseti otafunidwa ndi wailesi. Njira yake inali imodzi: kudula popindika, kulumikiza ndi mankhwala opaka m'zikhadabo, kuzungulitsa ndi bolopeni. Okonda rumba sankadandaula. Gitala akadumpha pang'ono, anthu ankavinabe.

Pafupi ndi ife pankakhala ba Mwale, amene anaphunzira ku Ukraine n'kubwerako ndi mkazi. Mkaziyo anali ba Oksana. Ankatunga madzi pampopi ngati aliyense, khungu litapsa ndi dzuwa. Masana aliwonse m'nyumba mwawo munkamveka mawu a mtsikana akuimba m'chinenero chimene palibe ankachimva.

Tsiku lina nyimbo ija sinamveke. Madzulo ba Oksana anafika pashopu atanyamula kaseti m'manja awiri, tepi ili lendelende, yokwinyika ngati masamba ouma. Chinyanja chawo chinali chochepa, koma tinamvana. Woimbayo anali wakwawo, wa m'tauni imodzi. Imeneyo inali kaseti yake yoyamba, ndipo inagulidwa kwambiri. Chaka chimene ba Oksana ankachoka, inkalira m'mabasi ndi m'misika monse.

"Kwathu aliyense ali nayo," anatero. "Kuno ni imodzi chabe."

Atachoka, ndinamasula tizisikuluu ta kasetiyo, n'kutenga sizasi. Pokwinyika panali potalika ngati mkono wanga. Atate anamva kulira kwa sizasi.

"Iwe, ika pansi iyo."

"Nidula chabe, batate, monga masiku onse."

"Umamvela vamene akamba mu nyimbo iyi?"

"Iyayi."

"Manje uziba bwanji kuti vamene ufuna kutaya ni vopanda nchito?"

Ndinaika sizasi pansi. Anandituma kukatenga supuni, kapu ya madzi otentha ndi galasi la windo losweka. Anandiuza kuti ndiyale tepi pagalasi, ndiike pepala pamwamba. Supuni ndiziiviika m'madzi, ndiziipukuta, kenako ndizisita pang'onopang'ono. Ikatentha kwambiri, tepi isungunuka. Ikazizira, makwinya satuluka. Iwo anakhala pambali akukonza sipika, osandithandiza.

Ntchitoyo inanditengera tsiku lonse lotsatira. Anzanga anadutsa ndi mpira, akundiseka kuti ndasanduka wosita zovala za nyerere. Msana unawawa. Kawiri konse ndinayang'ana sizasi. Kudula kukanatha msanga, ndipo atate sakanaona.

Dzuwa likupendeka ba Oksana anabwera. Ndinaika kaseti m'wailesi ya atate. Nyimbo inayamba bwino. Itafika pamene ndinasita, mawu a mtsikana uja anayamba kugwedera, kukwera ndi kutsika, koma sanaduke. Ndinaweramitsa mutu podikira kukalipiridwa.

Ba Oksana anaseka mpaka kugwira pakhomo.

"Wamwa kachasu uyu," anatero.

Kenako anabwezera tepi m'mbuyo, namvetseranso pomwepo, milomo ikuyenda pamodzi ndi woimbayo. Ulendo uno sanaseke. Anatiuza kuti pamenepo mtsikanayo amatchula mtsinje wa kwawo, kumene mayi a ba Oksana ankawatengera kukasambira ali mwana. M'kaseti yonse, dzina la mtsinjewo limatchulidwa pamenepo pokha.

Atate sanandiyamikire. Sanali munthu wotero. Anangoti, "Bweza supuni ya amai ako."

Lero makaseti kulibe. Ndimakonza mafoni ku Mtendere, ndipo ndili ndi anyamata awiri amene ndikuwaphunzitsa. Foni ikavuta, iwo amathamangira kufufuta zonse kuti iyambe mwatsopano. Ndi njira yachidule, ndipo foni imagwiradi ntchito. Ine ndimawaletsa mpaka mwini wake atanena chimene chili m'katimo. Nthawi zina ndi mawu a munthu amene anamwalira. Nthawi zina palibe kanthu, ndipo timakhala tataya tsiku. Tsikulo sindilidandaula. Chinthu cha munthu wina, iwe wokonza umaona pamene chawonongeka pokha. Mwini wake ndiye amadziwa pamene pali mtsinje.