Malaya a Matumba Awiri

Pa msika wa Mangochi palibe amene anandigonjetsapo pa kunenerera, funsani aliyense wogulitsa mafoni. Luso limeneli ndinaliyamba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, kwathu ku Namwera, pakhonde la Che Saidi, telala woyandikana nafe nyumba.

Ndikawakumbukira bambowo ndimamva fungo la mafuta a makina osokera ndi la makala a m'simbi, komanso phokoso la makinawo limene linkangoduka nthawi ya swala, akapita kukapemphera kumzikiti. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo Chichewa chawo chokokera ku Chiyao ankachitulutsa pang'onopang'ono ngati mawuwo amachita kugula.

Mwana wawo wa ku Joni anawasiyira laputopu yakale. M'menemo munali vidiyo ya ukwati wa mwana wawo wamkazi, mmene akazi awo, Abiti Mussa, ankayimba ndi kuvina mpaka mpango kugwa. Abiti atamwalira, Che Saidi ankayionera masana aliwonse. Koma laputopuyo inali itatopa, vidiyo inkangoima Abiti ali kukamwa yasa. Ndiye panatsala masiku atatu kuti achite sadaka ya masiku makumi anayi, ndipo abale a kutsidya kwa malire anali atawalonjeza kuti adzawaonanso malemuwo akuvina.

"Che Saidi, matenda ake ndi Windows yakale," ndinatero. "Ndikayikamo yatsopano, ithamanga ngati njinga yopanda mabuleki potsika ku Chowe."

"Unaphunzira kuti?"

"Pa shopu yokopera mafilimu. Ndimapanga daily."

Zoona zake, ndinali nditangoonerera kawiri, nditasuzumira paphewa pa mwini shopuyo.

Pa za malipiro, anati andisokera kabudula wa sukulu. Ine ndinati malaya a mikono italiitali.

"Thumba limodzi," anatero.

"Awiri, ndi kolala yolimba."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe ndiwe wa kumsika, osati kusukulu. Chabwino."

Ndinabwereka fulashi ya Windows yatsopano, n'kukhala pa mpando wawo ngati dokotala. Laputopu inayamba kundifunsa mafunso m'Chingerezi, ine n'kumangodina zimene ndinaona mwini shopu uja akudina. Itafika poti ndifufute zakale, Che Saidi anaimitsa makina osokera.

"Abiti ali bwino m'menemo?"

"Ali bwinobwino. Sindikuwakhudza."

Ine ndinkayesa kuti Windows ili ngati denga, umasasula udzu wakale katundu ali m'nyumba momwemo. Sindinadziwe kuti ndikugumula nyumba yonse.

Itatha, inayaka mwachangu, yoyera mbee. Ndinadzimenya pachifuwa.

"Eya," anatero Che Saidi, akukoka mpando. "Ndionetse Abiti."

Ndinatsegula apa, ndinatsegula apo. Munalibe kanthu. Ndinathamangira kushopu kuja, mwini wake n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Mphwanga, unayamba wakopera pena?" Anayesa tsiku lonse, zinakanika. Tinayimba ku Joni, mwana wawo anati foni imene anajambulira inabedwa kalekale.

Ndinabwerera pakhonde ndikuyembekezera khofi. Che Saidi anatseka laputopu ija, n'kutenga tepi yoyezera.

"Tambasula mikono."

"Che Saidi, musandisokere."

"Tinapangana kuti ithamange. Ikuthamanga. Tambasula."

Pa sadaka ndinabisala kuseri kwa mpanda. Ndinamva mchemwali wa Abiti, amene anayenda tsiku lathunthu, akufunsa za vidiyo. Che Saidi anangoti, "Makina aja anatopa." Dzina langa sanalitchule, ngakhale kwa mayi anga. Mawa lake malaya anafika, ositidwa, matumba awiri.

Che Saidi anapita kalekale. Lero munthu akandipatsa foni kuti ndikonze, ndisanatchule mtengo ndimayamba ndafunsa kuti, "Muli ndani m'menemu?" Ena amandiseka. Malaya aja ali pansi pa sutikesi, sindinawavalepo, ndipo pano ngakhale mkono sungalowe.

Paja ndati palibe anandigonjetsapo pa kunenerera. Thumba lachiwiri ndinalipezadi. Koma inu mukaona, pakhonde paja anawina ndani?