Tenanti Sapatsidwa Mbewu

Ntchito yanga ndi yodikira. Pa boda pano ndimakonzera madalaivala a mathiraki mapepala a katundu, ndipo amene sanaigwirepo amayesa timangokhalira kuthamanga. Timathamanga ndithu, koma kwa kamphindi. Nthawi yotsalayo timakhala pa benchi kuseri kwa kaofesi kathu, kudikira netiweki, kudikira wosayina abwereko ku nkhomaliro, kudikira dalaivala amene wapita kukasamba. Anzanga ena nthawi imeneyo amaithera pa bawo, ena pa miseche. Ine ndinaithera mu gemu ya pafoni.

Gemuyo ndi dziko lathunthu, la mapiri, mapanga ndi zinjoka, ndipo tianthu timene umakumana nato m'misewu yake ndi anthu enieni, aliyense ndi foni yake kumene aliko. Umasankha chimene ukufuna kukhala, kaya wankhondo, woponya mivi, sing'anga kapena wosula zida. Ambiri amathamangira lupanga. Ine ndinaona msanga kuti wankhondo, angakhale wamangolomera chotani, salowa m'phanga la chinjoka wopanda botolo la mankhwala ochiritsa. Mankhwalawo amapangidwa ndi tsamba lina lonyezimira limene silimera m'tchire koma m'munda mokha, ndipo minda m'dzikomo ndi yowerengeka. Ndinalowa gemuyo isanatchuke kuno, ndiye ndinadzipezera munda waukulu m'mbali mwa mtsinje, pafupi ndi msika. Obwera pambuyo anapeza minda yonse ili ndi eni ake.

Tsambalo ndi lovuta ngati fodya. Ufese, uthirire katatu pa tsiku pa nthawi yake, upalire, upirikitse nguluwe zotuluka m'nkhalango, ndipo ukachedwa kuthyola limapserera. Munthu mmodzi sangathe, makamaka woti dalaivala angamuitane nthawi ina iliyonse. Koma gemuyo imalola mwini munda kulemba ena kuti azimulimira. Pali batani limene mwiniyo amasankhira kopita zokolola, m'thumba la wokolola kapena m'bokosi la mwini munda. Ine ndinasankha bokosi. Sindinaganize n'komwe, chala chinangopita chokha.

Ndiye ndinkakaima pachipata chimene atsopano amatulukira, atavala nsanza, kandodo kali m'manja. Ndinkawapatsa khasu, nsapato, malaya achikopa oti nguluwe isawaphe kamodzin'kamodzi, komanso malo m'gulu lathu. Iwo ankalima. Loweruka ndinkatsegula bokosi, kukagulitsa masamba kumsika, n'kuwagawira golide wa mu gemu monga mmene ndaonera. Chinthu chimodzi chokha sindinkapereka, ndicho mbewu. Mbewu ya tsambalo sipezeka pamsika. Imagwa mwa apo ndi apo pokolola, ndipo inkagwera m'bokosi langa. Wokhala ndi mbewu akhoza kupita kumalire a dzikolo, kumene eni gemu amatsegula malo atsopano nthawi zina, n'kukayamba munda wakewake. Zimenezo ndinkazidziwa bwino lomwe.

Musandione ngati chilombo. Gulu lathu linali lokoma. Munali aphunzitsi, madalaivala, ogulitsa m'mashopu, ena a kuno ena a kutsidya kwa boda. Tinkasekana wina akaphedwa ndi nkhuku ya m'nkhalango, tinkadikirana wina bandulo ikamuthera pakati pa nkhondo, ndipo wina akagwa maliro kwawo tinkaimitsa ulendo wa kuphanga sabata imeneyo. Ankanditchula kuti abwana. Linali dzina lanthabwala, koma ndisaname, linkandikomera.

Wolimbikira kuposa onse anali mayi wina wogulitsa zitenje pamsika ku Chipata. Sitinaonanepo maso ndi maso ngakhale pakati pathu ndi pafupi. Kuthirira kwa m'mawa kunali kwake, ndipo kwa miyezi yambirimbiri sanaphonyepo. Ankati amathirira ndi dzanja limodzi, linalo likupinda chitenje cha kasitomala. Lachisanu lina masana, ndili pa benchi paja, ananditumizira uthenga wa mawu.

"Abwana, manje nalima nthawi itali. Akamba kuti pa Mande atsegula malo kumalire. Nipatseniko mbeu zing'ono chabe, niyambeko wanga."

Ndinamvera kawiri. Malo akumalire sachedwa kutha, wofika wopanda mbewu tsiku loyambalo amabwerako chimanjamanja, n'kudikiranso miyezi. Koma iye akachoka, ndani adzathirire m'mawa? Ndinalemba liwu limodzi: "Ndiona." Ife a pa boda timadziwa tanthauzo la liwu limenelo, timalimva tsiku ndi tsiku pawindo.

Lamulungu ndinakwera njinga yamoto kukaona bambo anga cha ku Kachebere. Bambo anachokera ku Phalombe pa lole ine ndisanabadwe, kudzalima fodya ngati tenanti m'maesiteti a cha ku Chiosya. Ine ndinabadwira m'kanyumba ka udzu kumapeto kwa munda wa eni ake, ndipo ubwana wanga wonse ndi wa kusamuka, esiteti iyi chaka chino, ina chaka chamawa. Za masiku amenewo bambo sakonda kukamba. Lero akukhala pakamalo kamene mnzawo wa kutchalitchi anawabwereka, amalimapo mtedza ndi chimanga chongokwana pakamwa.

Titabwerako kutchalitchi tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo akuswa mtedza m'lichero. Foni inalira kundikumbutsa kuthirira kwa masana.

"Ntchito mpaka Lamulungu?" anafunsa.

Ndinachita manyazi pang'ono, bambo wamkulu ngati ine kuseweretsa tizidole. Komabe ndinawaonetsa, ndikuyembekeza kuti anditsonya. Iwo anavala magalasi awo ogula pamsika aja, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Akupalirawa ndani?"

"Anthu anga. Ndi anthu enieni, ali ndi mafoni awo."

"Munda ngwa yani?"

"Wanga."

"Nanga akathyola, zimapita kuti?"

"M'bokosi langa. Ndimagulitsa ndine, n'kuwagawira Loweruka."

Anaseka mpaka kutsokomola, akudzimenya pantchafu. "Ndiye kuti iwe ndiwe mwini esiteti! Mwana wa tenanti!" Ndinawayang'ana kumaso kufuna kuona ngati akundinyogodola. Ayi ndithu, nkhope yawo inali ya munthu amene mwana wake wakhoza mayeso. Nditaona kuti nkhani yawakomera, ndinawauza za mayi wa ku Chipata ndi pempho lake.

Anaika lichero pansi. Anasendeza mpando kufupi nane, mawu n'kutsika ngati a munthu wolangiza mkwati.

"Usampatse. Tenanti sapatsidwa mbewu. Umampatsa mbande zoti akawoke basi, nazale ikhale yako. Wamva?"

Iwo anapitiriza.

"Ukamalemba anthu uzitenga ongofika kumene, osadziwa njira, osadziwa mtengo wa kumsika. Khasu ndi nsapato uziwapatsa tsiku loyamba lomwelo. Munthu akavala chako, mwendo umalemera pochoka. Kokagulitsa uzipita wekha. Wolimbikira kwambiri uzimuyamika pagulu, um'patse ukapitawo, dzina silikudyera kanthu. Ndipo akakupempha chinthu usamakane ayi, kukana kumapsetsa mtima. Uzingoti ndiona."

Pa zonse zimene anatchulazo panalibe n'chimodzi chomwe chimene sindinkachita kale. Mwezi wapitawo ndinali nditamukweza mayi uja pa udindo m'gulu, kanyenyezi n'kuoneka pambali pa dzina lake, anthu n'kumuyamikira. Palibe anandiphunzitsa. Gemuyo sinandikakamize, inangoika njira ziwiri patsogolo panga. Ndinali nditamanga ndekha esiteti yomwe ija ndinabadwiramo, ndili pa benchi, ndikutafuna chimanga chootcha.

"Munazidziwa bwanji zonsezi?" Linali funso lopusa, koma ndi limene linatuluka.

"Sukulu yake ndinaphunzira zaka zonse zija," anatero. "Kungoti ndinakhala mbali inayo."

Kenako anandiuza chinthu chimene sanandiuzepo. Fodya amadulidwa kunsonga kuti asachite maluwa, mphamvu ipite kumasamba. Chaka china iwo anasiya dala tsinde limodzi kuseri kwa chulu, kumapeto kwenikweni kwa munda, kuti lichite maluwa atolepo mbewu. Panali munthu wa m'mudzi woyandikana amene anawalonjeza kadimba, ndipo ankafuna kufesa nazale yawoyawo. Kapitawo analiona tsindelo maluwa atayamba kufota. Analizula, n'kukanena kwa bwana, ndipo fodya atangopita kumsika tinauzidwa kuti tichoke. Ulendo umenewo ndimaukumbuka. Ndinasenza mphasa yokulunga, inkandiposa kutalika, ndipo ndinkafunsa amayi kuti talakwa chiyani.

"Bwana uja anali wanzeru," bambo anatero akutolanso lichero. "Akanandilekerera ndikanachoka, ena n'kutengera. Iwenso ukhale wanzeru choncho. Ife tinavutika kuti iwe ukhale kumtunda."

Akanandinyoza zikanandipepukira. Chimene chinandilasa n'chakuti sankanyoza. Ankandikonda, ndipo ankandipatsa chuma chokhacho chimene anatuluka nacho m'maesiteti muja, nzeru za mmene anawafinyira. Ndinapsa mtima osadziwa kuti ndikupsera yani, kapitawo wa kalekale uja, bambo, kapena chala changa. Ndinayesa kudzitonthoza kuti ndi gemu chabe, golide wake sungagule naye ndi mchere womwe. Koma m'mawa uliwonse umene mayi uja anathirira unali m'mawa weniweni, ndipo bandulo ankagula ndi ndalama ya zitenje.

Ndinatsegula bokosi pomwepo, n'kumutumizira mbewu, osati zochepa zimene anapempha koma zodzala dzanja. Kenako ndinapita pa batani lija n'kulitembenuza kuti zokolola zizipita m'thumba la wokolola, ine azingondipatsa gawo la mwini munda.

"Ukutani?" bambo anafunsa.

"Ndampatsa."

Anatsonya, n'kupukusa mutu. "Sudzalemera iwe."

Sananame. Lolemba mayi uja anapita kumalire, ndipo ena awiri anamutsatira mbewu zitayamba kugwera m'matumba mwawo. Mayiyo anangolemba kuti "Zikomo abwana," osawonjezera kanthu. Theka la munda wanga linapserera sabata yomweyo. Gulu lathu, limene linkalowa m'mapanga akuluakulu mabotolo ali tho, linayamba kupemphetsa mankhwala. Ena anandiyamika, ena ananena poyera kuti ndagwetsa gulu chifukwa chofuna kuoneka woyera mtima. Lero mayi uja amagulitsa masamba pamsika womwewo motchipa kuposa ine, ndipo ndikaona mtengo wake ndimatukwana chamumtima. Sindinasanduke mngelo. Masiku ena chala chimayabwa kufuna kubwerera pa batani lija.

Anthu olima atachepa, ndinatenga foni yanga yakale yosweka pakona, n'kuwapangira bambo kamunthu kawo, ka nsanza ndi kandodo, n'kukalemba m'munda mwanga. Ndinkati tizingocheza nako Lamulungu ndikabwera. Poyamba foni sinkamva chala chawo, khungu lake ndi lokhakhala ngati khungwa. Ankachipukuta pa buluku, kuchinyowetsa ndi malovu pang'ono, n'kuyesanso. Atazolowera, anayamba kundidzudzula kuti mizere yanga ndi yokhota ndiponso kuti ndimachedwa kupalira.

Lamulungu lina tili pansi pa mango pomwe paja, mzere wawo unacha. Anathyola tsamba limodzilimodzi mosamala, monga ankachitira ndi fodya weniweni, masambawo akulowa m'thumba la kamunthu kawo. Mwadzidzidzi foni inalira kaphokoso kena, ndipo pakona pa thumba panaoneka kanthu kakang'ono konyezimira.

"Ichi n'chiyani? Ndawononga?"

"Simunawononge. Ndi mbewu."

Anakayang'ana nthawi yaitali. "Ndikapereke kuti?"

"Kulibe kokapereka. Ndi yanu."

Anacheuka kuyang'ana kunjira yochokera kumsewu, n'kuyang'ananso kuseri kwa nyumba. Kenako anaika chikhatho chawo pamwamba pa foni, kuiphimba yonse, n'kutsitsa mawu.

"Bwana wake wadziwa?"

"Bwana wake ndine, bambo."

Anagwedeza mutu kusonyeza kuti amva. Koma dzanja sanalichotsepo.