Lezala Pakhosi pa Mlamu

Mayi wina wometa anthu wagwira lezala zaka zambiri osachekapo munthu. Mwana anali naye mmodzi, wamwamuna, wobadwa ndi magazi osaundana. Atamuzula dzino, magazi sanaleke mpaka anamwalira.

Pamaliro analalikira mlamu wa mayiyo, mkulu wa mpingo wokonda mabuku a sayansi. Anati kuti magazi aundane pamafunika tizinthu tambiri togwira ntchito motsatana, ndipo kakasowa kamodzi zonse zimaima. Zotere sizingadzipange pang'onopang'ono mwa chisinthiko, anatero, pali Mmisiri amene anazikonza, ndipo salakwitsa. Kenaka anayang'ana mayiyo. "Matendawa mwana amatengera kwa amake. Cholakwika chili kuchikazi."

Mayiyo anangosunga mawuwo mumtima.

Tsopano mlamuyo anafa ziwalo, manja sagwira, ndipo amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Dokotala anachenjeza kuti asamachekeke ngakhale pang'ono. Abale anapempha mayiyo kuti azimumeta, popeza dzanja lake silinjenjemera. Anavomera msanga.

Amamupaka sopo, n'kumukweza chibwano, lezala n'kuima pakhosi. Safulumira.

"Alamu, tandikumbutsani, kakasowa kamodzi kaja zimatani?"

Mkuluyo amangomeza malovu, thukuta lili kamukamu.

"Musameze, alamu, khosi likuyenda."

Sanamuchekepo, ndipo sadzamucheka. Mantha a mkuluyo amamukwanira. Tsiku lina mkuluyo ananong'oneza mkazi wake kuti bola azingosunga ndevu. Mayi wometa anamva, naseka uku akutsuka lezala.

"Mkulu wa mpingo, ndevu ngati tonde? Ayi, alamu, tisakuchititseni manyazi. Ndibweranso mawa."